Dona Karen Jeppe, Mphunzitsi Amene Analemba Maina a Otsala

Mau amene ananenedwa pa msonkhano wa aphunzitsi

 Munandipempha kuti ndinene za munthu mmodzi wa nchito yathu amene ayenera kukumbukika. Ndasankha mai wina wa ku Denmark, dzina lace Karen Jeppe. Iye sanapondepo m'dziko lathu lino, koma anali mphunzitsi wa ana monga ife, ndipo anaona ndi maso ace zoopsa zimene zinagwera mtundu wa Aarmenia pa nthawi ya Nkhondo Yaikuru yoyamba.

Poyamba tiyeni tiupeze mtundu umenewu pa mapu, pakuti ambiri a ife sitinauphunzire bwino. Kwao kwa Aarmenia ndi ku mapiri ozungulira phiri la Ararat, limene tonse tilidziwa m'nkhani ya Nowa. Iwo ndi Akristu akalekale. Mbiri yao inena kuti mfumu yao inalandira Cikristu m'caka ca 301, ndipo patapita zaka ngati 100, munthu wina wophunzira, Mesrop Mashtots, anawapangira malembo 36 a cinenero cao, kotero kuti anawerenga Buku Lopatulika m'Ciarmenia zaka zoposa 1,000 Azungu asanafike kuno. Koma ufumu wao unagwa, ndipo ambiri a iwo anakhala zaka mazana pansi pa ufumu wa Ottoman, wolamulidwa ndi Aturki, ali anthu olima, amisiri ndi amalonda, olipira msonkho koma osayesedwa olingana ndi eni ulamuliro.

M'zaka za 1894 kufikira 1896, Sultan Abdul Hamid II ali pa mpando, Aarmenia anaphedwa m'midzi yambiri, ndipo ambiri ayesa kuti akufawo anaposa 100,000. M'mudzi waukuru wa Urfa, kumapeto kwa Disembala 1895, anthu anathawira m'calici cao cacikuru poyesa kuti m'nyumba ya Mulungu adzapulumuka. Caliciyo inatenthedwa iwo ali momwemo, nafa anthu ngati 3,000. Urfa ameneyu ali makilomita ngati 40 kucokera ku Harran, kumene Abrahamu anakhala asanapite ku Kanani. Lero mudziwo uchedwa Şanlıurfa, ndipo uli m'dziko la Turkey pafupi ndi malire a Syria. Kuphana kumeneko kunasiya ana amasiye osawerengeka, ndipo mbusa wina wa ku Germany, Johannes Lepsius, anatsegula nyumba ya ana amasiye ku Urfa komweko.

Karen Jeppe anabadwa pa 1 Julaye 1876 m'mudzi wa Gylling ku Denmark. Atate wace anali mphunzitsi wa pa mudzi, ndipo iyenso atakula anaphunzitsa pa sukulu ina pafupi ndi Copenhagen. M'caka ca 1902 anamva za ana a ku Urfa pa mau a mlembi wina, Aage Meyer Benedictsen, amene anayenda m'maiko amenewo nabwera ndi mbiri yace. Caka cotsatira, 1903, Dona Jeppe anasiya kwao napita ku Urfa, ali ndi zaka 27. Ena a ife muno tili a msinkhu womwewo, ndipo tidziwa mmene mtima ugundira pamene atitumiza ku sukulu ya kutali, kumene anthu alankhula Cinsenga kapena Citumbuka cimene sitinaciyamwire. Iye anapita kumene kunalibe ngakhale munthu mmodzi wa cinenero cace.

Apa ndifuna kucedwapo pang'ono, cifukwa ndi pamene nkhani yace ikhudza nchito yathu ya tsiku ndi tsiku. M'nyumba ya ana amasiye munali ana ngati 300. Dona Jeppe sanayambe ndi kuwaphunzitsa cinenero ca Azungu. Anayamba ndi kukhala pansi iye mwini naphunzira Ciarmenia, ndipo pambuyo pace anaphunziranso Citurki ndi Ciarabu. Atadziwa cinenero, anaona cimene cinali kucedwetsa ana pa kuwerenga. Lembo liri lonse la Ciarmenia liri ndi dzina lace, monga ayb, ben, gim, ndipo ana anali kuloweza mainawo ndi kuwaimba pamodzi nthawi yaitali, koma osadziwa kuwalumikiza kuti aturutse liu. Iye anatembenuza njirayo. Anaphunzitsa mwana kamvekedwe ka lembo poyamba, namuonetsa cithunzi ca cinthu cimene mwanayo acidziwa, kuti khutu, diso ndi pakamwa zigwire nchito pamodzi. Ana ace anayamba kuwerenga msanga kopambana ana a masukulu ena, ndipo aphunzitsi a kwina anabwera kudzatenga njirayo.

Inu amene muphunzitsa kalasi loyamba mudziwa kuti nkhani imeneyi si yacilendo. Tonse tamvapo kalasi likupfuula "a, e, i, o, u" ndi mau amodzi okoma, mlendo wopita pa njira nayesa kuti pali maphunziro, koma ukaitana mwana mmodzi ku bolodi ndi kumloza lembo la pakati, aima duu. Ine ndiyesa kuti Dona Jeppe anali mphunzitsi weniweni pa cifukwa cimeneci, kuti phokoso la kalasi silinamnyenge.

Anaonanso kuti mwana wamasiye wodziwa kuwerenga koma wopanda nchito ya manja adzakhala wopempha moyo wace wonse. Cifukwa cace anakhazikitsa malo ophunzirira kuomba nsalu, kunyika nsalu mu utoto, kufufuta zikopa ndi nchito zina, kuti anyamata ndi asungwana poturuka m'nyumbamo adzidyetse okha. Anagulanso munda ku mapiri kunja kwa mudzi nabzalamo mipesa, ndipo kumeneko anapalana ubwenzi ndi Akurdi ndi Aarabu okhala pafupi, amene anali Asilamu. Musaiwale ubwenzi umenewu, cifukwa tidzakomana nao patsogolo. Analeranso mnyamata mmodzi ndi msungwana mmodzi a Ciarmenia monga ana ace a iye mwini, monga mwambi wathu unena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Tsono inafika nkhondo ya 1914. Ndi nkhondo yomwe ija imene makolo athu anasenzera akatundu pa mitu kunka kumpoto, imene kuno inathera ku Abercorn, ndiye Mbala wa lero, mu Novembala 1918. Ufumu wa Ottoman unalowa nkhondoyo ku mbali ya Germany. Atsogoleri ace, makamaka Talaat Pasha ndi Enver Pasha, ananenera Aarmenia kuti ali kuthandiza adani, ndiwo Arussia, ndipo mlandu umene unayenera kufunsidwa kwa anthu owerengeka unaikidwa pa mtundu wonse, kufikira makanda. Pa 24 Epulo 1915 atsogoleri, alembi, aphunzitsi ndi ansembe a Aarmenia a mu Constantinople anagwidwa, ndipo ambiri a iwo sanaonekenso. Taonani, abale, kuti oyamba kugwidwa anali anthu a zolembera. Pambuyo pace lamulo linaturuka lakuti Aarmenia asamutsidwe m'midzi yao. Amuna ambiri anapatulidwa naphedwa kunja kwa midzi, ndipo akazi, ana ndi nkhalamba anayendetsedwa pansi masabata ndi miyezi, kulinga ku cipululu ca Syria.

Njira zambiri za maulendo amenewo zinadzera pa Urfa, ndipo apa ndi pamene Dona Jeppe anasanduka mboni. Anaona magulu a akazi alikufika, ena atalandidwa zobvala zonse, mapazi atang'ambika, ana atauma ndi ludzu, anthu amene ananyamuka kwao ali zikwi nafika ali mazana. Sindidzachula zonse zimene zinacitikira akazi ndi asungwana pa njira, pakuti muno muli amai, ndipo mudziwa nokha. Iye anaturuka ndi cakudya ndi madzi kukapatsa odutsawo monga anakhoza. M'mudzimo munalinso mboni ina, Jakob Künzler wa ku Switzerland, amene anagwira nchito m'cipatala ca mishoni, nalemba pambuyo pace zimene anaona.

Aarmenia a mu Urfa momwemo, poona zimene zinacitikira abale ao, anakana kusamuka. Pa 29 Sepitembala 1915 anadzitsekera m'dera lao namenyana ndi asilikari masabata oposa atatu, kufikira mizinga inagumula nyumba zao mu Okutobala. Mmodzi wa olamulira mizingayo anali kapitao wa Cijeremani. Ici ndi cowawa kuciganizira, pakuti nyumba ya ana amasiye imene Dona Jeppe anatumikira inamangidwa ndi zopereka za Ajeremani. Amuna otsala anaphedwa, ndipo akazi ndi ana anatengedwa kunka ku cipululu, kumene m'caka ca 1916 ambiri anaphedwanso pafupi ndi Deir ez-Zor, m'mbali mwa mtsinje wa Euphrates, umene m'Buku Lopatulika tiuwerenga Firate.

Pa nthawi yonseyo Dona Jeppe anabisa anthu m'nyumba mwace, ena m'cipinda ca pansi pa nthaka, ndipo mwana wace womlera uja anali mmodzi wa obisikawo. Kubisa munthu wa Ciarmenia kunali mlandu woopsa, ndipo asilikari anabwera kudzafunafuna m'nyumbamo. Ena anawathawitsa atawabveka zobvala za Akurdi ndi za Aarabu, ndipo ubwenzi uja wa ku munda wa mipesa unabala zipatso zace pamenepo. Ndinena ici momveka, cifukwa nkosabvuta kuiphunzitsa nkhaniyi molakwa, monga ngati Asilamu onse anali akupha ndipo Mzungu yekha ndiye anali ndi cifundo. Iai. Olamula kuphako anali akuru a boma, ndipo panali Aturki, Akurdi ndi Aarabu amene anaika moyo wao pa ngozi pobisa anansi ao. Maina a ambiri a iwo sanalembedwe. Ndiponso dona ameneyu, pokhala wa dziko la Denmark limene silinalowe nkhondo, anali ndi cochinjiriza cimene anansi acewo analibe.

Kusunga anthu pansi pa nyumba, kuwafunira cakudya m'nthawi ya njala, ndi kumva kugogoda pa citseko osadziwa ngati lero ndilo tsiku lomariza, zonsezi zinamthera mphamvu. M'caka ca 1918 anabwerera ku Denmark ali wodwala thupi ndi mtima womwe. Ciwerengero ca Aarmenia amene anafa m'zaka zimenezo cinenedwa mosiyana, kuyambira 600,000 kufikira 1,500,000, ndipo akatswiri ambiri a mbiri aciika pafupi ndi 1,000,000 kapena kuposapo.

Munthu wina akadati nchito yace yatha, ndipo palibe akadamdzudzula. Koma m'caka ca 1921 anabwereranso, ulendo uno ku Aleppo m'dziko la Syria, limene pa nthawiyo linali m'manja mwa Afalansa, ndipo kumeneko kunasonkhana othawa ambiri. Bungwe la maiko la masiku amenewo, League of Nations, linamuika kukhala woyang'anira nchito yopulumutsa akazi ndi ana. Pakuti pa maulendo aja akazi ndi ana zikwi zambiri anatengedwa kulowa m'mabanja a Aturki, Akurdi ndi Aarabu. Ena anagulidwa monga akapolo, ena anakwatiwa mokakamizidwa, ndipo ena anatoledwa ndi anthu acifundo amene anawalera bwino. Onsewo anapatsidwa maina atsopano ndi cipembedzo catsopano.

Dona Jeppe anatsegula nyumba yolandirira anthu otere mu Aleppo, naika athenga m'midzi ya m'mbali mwa cipululu kuti afalitse mbiri yakuti pali khomo lotseguka kwa ali yense wofuna kubwerera kwa anthu ace. Nchito ya athengawo inali yoopsa, ndipo ambiri a iwo anali Aarmenia okhaokha amene anapulumuka dzulo lomwe. Njira yace sinali ya kulanda anthu ndi mphamvu. Anafuna kuti munthu abwere mwa kufuna kwace. Ena ayesa kuti pamenepa anafatsa kopitirira, koma ine ndiyesa kuti anaona bwino. Taganizani za mkazi amene anatengedwa ali ndi zaka 14, ndipo tsopano ali ndi ana awiri m'nyumba ya mwamuna amene anamtenga. Akathawa, kawirikawiri ayenera kusiya anawo. Akakhala, ataya mtundu wace. Palibe munthu wakunja amene angamsankhire pa mlandu wotere. Ena anabwera, ena anakana, ndipo ena anabwera nabwereranso cifukwa ca ana ao.

Akazi ambiri anafika atatemedwa mphini pa nkhope ndi pa manja monga mwa mwambo wa anthu a m'cipululu. Kwathu kuno agogo athu anatema mphini mwa kukonda kwao, kuti akongole. Kwa akazi amenewa mphinizo zinali cizindikiro cosafafanizika ca nyumba imene anasungidwamo, ndipo ena anaopa kuonekera nazo pamaso pa abale ao. M'nyumba ya ku Aleppo analandiridwa nazo comweco.

Tsopano ndifika pa cinthu cimene candicititsa kusankha mai ameneyu pakati pa ena onse. M'nyumba imeneyo munali kaundula. Munthu ali yense wolowa analembedwa pa tsamba lace: dzina lace, maina a akumbala, mudzi wa kwao, zaka zace, tsiku limene anafika, ndi mau owerengeka a zimene zinamcitikira kuyambira tsiku limene anacotsedwa kwao. Pa tsambalo anamatapo cithunzi ca nkhope yace, ndipo pambuyo pace analembanso kumene munthuyo anapita. Kulemba kumeneku sikunali kwapafupi. Mwana wotengedwa ali ndi zaka 5 anafika ali mnyamata wa zaka 15, wolankhula Ciarabu kapena Cikurdi cokha, Ciarmenia ataciiwala. Wina anakumbuka dzina la atate wace lokha, wina dzina la mudzi lokha, ndipo pa kanthu kakang'ono kotero olembawo anayambira kufunafuna abale m'misasa ya othawa ndi m'maiko akutali kumene Aarmenia anabalalikira. Ambiri anapezadi abale ao. Amene sanapeze anaphunzitsidwanso cinenero cao, kuwerenga, ndi nchito ya manja, monga kale ku Urfa. Nsalu zopeta za akaziwo zinagulitsidwa ku Denmark ndi kwina, ndipo ndalama zace zinathandiza nchitoyo. Pofika 1927, pamene League of Nations inaleka kuthandiza nyumbayo, anthu pafupi 2,000 anali atapulumutsidwa.

Ife aphunzitsi tiudziwa kaundula. Tiuyesa nchito yotopetsa ya m'mawa, yofunidwa ndi woyendera masukulu, ndipo mwana akaleka kubwera masabata angapo, cifukwa ca kuweta ng'ombe kapena cifukwa ca ukwati, tilemba mzere pa dzina lace ndi kupitirira. Sindinena kuti zobvuta za ana athu zilingana ndi za ana a ku Aleppo, kungakhale kucepsa masautso ao. Ndinena kokha kuti cipangizo ndi cimodzimodzi, ndipo m'manja mwa mai uja cinagwira nchito imene mfuti sizikadatha. Amene anakonza kuphako anafuna kuti mtundu uzimirike, kuti otsala asadziwe kuti iwo ndi yani. Kaundula anabweza maina amodzi amodzi.

Mabuku amenewo alipo kufikira lero, osungidwa ku Geneva pamodzi ndi makalata ena a League of Nations, ndipo akatswiri a mbiri awawerenga monga umboni. Umboniwo ufunika, cifukwa mlandu wace sunathe. M'caka ca 1944 katswiri wa malamulo wa ku Poland, Raphael Lemkin, anapanga liu lakuti genocide, ndiko kunena kupha mtundu wa anthu mwadala kuti uthe, ndipo zimene zinacitikira Aarmenia zinali pakati pa zinthu zimene zinamtsogolera ku ganizo limenelo. M'caka ca 1948 United Nations inapangana kuti umenewu ndi mlandu pamaso pa maiko onse. Akatswiri ambiri a mbiri ndi maboma ambiri abvomereza kuti za 1915 zinali genocide. Boma la Turkey libvomereza kuti Aarmenia ambiri anafa, koma likana liu limenelo, ponena kuti anafa ndi zobvuta za nkhondo monga anafera anthu a mitundu ina. Pa kutsutsana kotere, tsamba lokhala ndi dzina, mudzi, tsiku ndi nkhope ya munthu lilemera kopambana mau okoma a pa msonkhano. Aarmenia kuli konse ali akumbuka akufa ao pa 24 Epulo caka ndi caka.

Nchito yace yotsiriza inali ya minda. Poona kuti ambiri a othawa anali alimi amene sakadakhoza kukhala m'misasa ya m'tauni, anapangana ndi mfumu ina ya Aarabu a m'cipululu, Hadjim Pasha, imene inawabwereka nthaka ku dera la Raqqa, ndipo kumeneko anamanga midzi ya alimi, monga Tel Samen, Aarmenia ndi Aarabu nakhala moyandikana. M'caka ca 1927 dziko lace la Denmark linampatsa mendulo ya golidi. Ku midzi ya minda komweko anagwidwa ndi malungo, nthenda imene ife tiidziwa bwino kopambana Adenmark, namwalira ku Aleppo pa 7 Julaye 1935, ali ndi zaka 59. Sanamtengere kwao. Aarmenia anamuika m'manda ao mu Aleppo, ndipo nkhondo yaciwiri itatha anatsegula sukulu ya sekondale m'mudzimo naicha dzina lace, Karen Jeppe. Nkhondo ya ku Syria imene inayamba mu 2011 inaononga Aleppo kwambiri, ndipo Aarmenia ambiri a kumeneko, adzukulu a anthu aja olembedwa m'kaundula, anasamukanso, ena kunka ku Lebanon, ena ku dziko la Armenia, ena kutsidya kwa nyanja.